Konami yomwe tinkaidziwa ija inapita kuti?

Castolo99:
Abale ndiloleni ndidandaule pano chifukwa kunyumba palibe angandimvetse. Dzulo ndafukula PS2 yanga yakale mu katoni, ndapukuta fumbi, kulumikiza ku TV yangoyaka bwinobwino ngati sinagonepo zaka zonsezi, ndipo memory card ikadali ndi Master League yanga (mbali yomwe umayendetsa timu yako season ndi season) ya PES 6, gemu ya mpira ya Pro Evolution Soccer, wosewera wanga Castolo atakalamba kale koma ndinkakana kumugulitsa. Ndasewera mpaka pakati pa usiku. Kenako ndatsegula eFootball, gemu yomwe inalowa m'malo mwa PES, pa foni kuti ndifanizire, mtima wangoti myuu. Kampani yake ndi imodzimodzi eti? Konami yomwe inatipatsa Winning Eleven (dzina la PES ku Japan), Metal Gear, Silent Hill, Contra, Castlevania, lero ntchito yake ndi yotigulitsa makhadi a osewera. Sindikufuna kutukwana munthu, ndikungofuna wina andiuze kuti zinakhota pati.

Tiyamike_M:
Zinakhota 2015 achimwene, musafunefune chaka china. Ine za mpira sindidziwa zambiri koma za Silent Hill ndiye mundifunse. Mu August 2014 panatuluka ka demo kaulere pa PS4 kotchedwa P.T., ati kapangidwa ndi studio ina yosadziwika yotchedwa 7780s, kanjira kamodzi kokha ka m'nyumba komwe umangozungulira, kubwerera pomwe wachokera, koma ulendo uliwonse china chake chasintha, wailesi ikuyankhula, chitseko cha bafa chatseguka chokha. Anthu atafika kumapeto ndi pomwe anazindikira kuti ndi Silent Hills, Hideo Kojima wopanga Metal Gear ndi wopanga mafilimu Guillermo del Toro akupangira limodzi, Norman Reedus ndi amene akusewera. Tinasangalala zedi. April 2015 Konami inalengeza kuti gemu ija yathetsedwa, ndipo pa 29 mwezi womwewo anachotsa P.T. pa PlayStation Store, mpaka anatseka kuti olo amene unaitsitsapo kale usaitsitsenso. Ma PS4 omwe anali nayo mkati anayamba kugulitsidwa pa eBay pa mitengo yoopsa. Kuthetsa gemu ndimamvetsa, zimachitika, koma kufafaniza chinthu chomwe anthu anachikonda ngati sichinakhaleko, pamenepo mpomwe ine ndinawataya.

SnakeWathu:
Mlongo wanena zoona. Ndipo chaka chomwecho anachotsa dzina la Kojima pa bokosi la Metal Gear Solid V, munthu amene anagwira ntchito kumeneko kuyambira 1986. Gemu inatuluka pa 1 September 2015, kaseweredwe kake mpaka pano palibe amene wakafikapo, koma nkhani yake inathera m'malere, mission 51 tinangoiona ngati kavidiyo kosamalizidwa pa disiki ya collector's edition. Ndiye December ku The Game Awards gemu yapambana mphoto, wotsogolera mwambowo Geoff Keighley anaima pamaso pa anthu onse nkunena kuti maloya a Konami amuletsa Kojima kubwera, Kiefer Sutherland, amene mawu ake ndi a Snake mu gemuyo, ndi amene anakalandira. Ndinkaonera usiku umene uja ndipo ndinamva manyazi ngati ndine ndachita.

Limbani_FC:
Akuluakulu ine ndili ndi maganizo ena, musandikwiyire. eFootball ndimasewera tsiku lililonse pa foni ndipo ndi yabwino, yaulere, ndimamenya ndi anthu a maiko ena nthawi iliyonse yomwe ndafuna. PES 6 yomwe mumaitamandayo ndinaiyesa, osewera amathamanga ngati ali pa njanji, matimu mayina ake abodza, Merseyside Red, Merseyside Blue, chani chani. Mwina chomwe mukusowa ndi ubwana wanu osati gemu.

Castolo99:
Mphwanga Limbani sindikukana kuti ubwana ulimo, ulimo ndithu. Koma dzulo ndasewera ndili wamkulu, ndevu zili mbuu, ndipo gemu ikadali yokoma. Mayina abodza aja sanali vuto, tinkakhala tsiku lathunthu mu edit kukonza dzina ndi dzina, jezi ndi jezi, kapena kukopera option file kwa mnzako. Chomwe chinali mkati ndi mpira weniweni. Umamva kulemera kwa mpira ukamachoka pa phazi, pasi ikalakwika umadziwa kuti walakwitsa ndiwe, zigoli ziwiri sizinkafanana. Adriano shoti yake 99, ukamupatsa danga kumanzere goloboyi amangoyang'ana. Ndipo Master League umayamba ndi anthu opanda dzina, Ivarov pa golo, Valeny, Stremer, Jaric, Espimas, Ximelez, Minanda, Castolo kutsogolo, umagonja umagonja mpaka utolere mapointi ogulira wosewera m'modzi wabwino, ndipo tsiku lomwe wakwera division umamva ngati wagwira ntchito yeniyeni. Palibe amene ankakuuza kuti lipira kuti utsegule paketi mwina mupezeka Henry. Iwe pa foni timu yako yadzadza ma legend, ndiuze, ndi angati mwa iwo amene unawavutikira?

Limbani_FC:
Ena ndinawapeza mwaulere pa ma event. Koma eya ena ndinagula ma coin, sindibisa.

MkuluWaContra:
Ana inu mwayambira pakati. Ine Konami ndinaidziwa isanakhale ya mpira. Kampaniyi inayamba 1969 ku Osaka, Kagemasa Kozuki ankabwereketsa ndi kukonza ma jukebox, ndiye kuyambira pachiyambi anali anthu a makina oponyamo ndalama, zimenezi muzikumbukire mukamadabwa ndi zomwe akuchita lero. Frogger 1981, Gradius 1985, Castlevania 1986, Contra 1987. Aliyense wa msinkhu wanga mukamudzutsa usiku akuuzani: mmwamba mmwamba, pansi pansi, kumanzere kumanja kumanzere kumanja, B, A. Miyoyo 30 pa Contra. Code imeneyo anailemba Kazuhisa Hashimoto chifukwa Gradius inkamuvuta iye mwini poiyesa, ndipo inangotsalira momwemo. Anamwalira 2020. Nthawi imeneyo ukaona chizindikiro cha Konami pa katiriji sumafunsanso, umangotenga, chifukwa umadziwa kuti nyimbo zikhala zabwino, mabatani amvera, gemu ndi yomalizidwa. Chikhulupiriro chotere chimamangidwa zaka zambiri ndipo iwo anachimwaza ngati madzi otsukira mbale.

Kondwa_K:
Madala mwakhudza pomwe ndimafuna kufika. Tikamati Konami inagwa tizisamala, chifukwa ku ndalama sinagwe ayi, zaka zaposachedwazi yakhala ikulengeza phindu lomwe sinapangepo chiyambire. Ife ndi amene tinagwa m'maso mwawo. Onani mmene zinayendera. 2010 anatulutsa ka gemu ka pa foni ku Japan, Dragon Collection, kopangidwa ndi ndalama zochepa koma kanabweretsa ndalama zankhaninkhani. Mbali inayi Kojima akumanga Fox Engine, pulogalamu yopangira magemu, zaka zikupita, nyuzipepala ya Nikkei inalemba mu 2015 kuti Metal Gear Solid V yadya mayeni opitirira 10 biliyoni. Ukakhala bwana wowerenga manambala okha, ukuona kamwana kakang'ono kakubweretsa zambiri kuposa chimphona chomwe chikudya chakudya chonse m'nyumba, uganiza bwanji? Hideki Hayakawa atatenga utsogoleri wa Konami Digital Entertainment chaka chomwecho ananena poyera kuti tsogolo lawo ndi foni. April 2015 yomweyo anachokanso pa New York Stock Exchange. Sanabise chilichonse, ife tinkangokana kumva.

Ndipo ina yomwe anthu amalakwitsa, amati Konami inasanduka ya pachinko ndi pachislot, makina a juga a ku Japan. Makina a pachislot amapangadi, a casino amapanganso ku Las Vegas, ma gym ali nawo ambiri ku Japan, koma ndalama zambiri zimachokerabe ku magemu. Kungoti ndi magemu ena: Yu-Gi-Oh, makhadi ake ndi Master Duel ya 2022, magemu a baseball omwe ku Japan ndi nkhani yaikulu, Momotaro Dentetsu ya pa Switch yomwe inagulitsa mamiliyoni kwawo konko, ndi eFootball ya Limbani yomweyi yomwe yatsitsidwa kambirimbiri pa mafoni dziko lonse.

Tiyamike_M:
Achimwene a Kondwa zonsezo ndazimva koma sizikunditonthoza. Kuti munthu walemera sizitanthauza kuti wachita bwino.

Kondwa_K:
Sindikuwaikira kumbuyo mlongo. Inenso Suikoden II ndinaimaliza kanayi ndipo ndimalirabe pa malo omwe aja. Ndikungoti tikamayembekeza kuti njala iwabweza kwa ife tidikira mpaka kalekale, chifukwa njala alibe.

SnakeWathu:
Pachislot ija musaichepetse. 2016 anaonetsa ma scene a Metal Gear Solid 3: Snake Eater (MGS3) atakonzedwanso mokongola, The Boss nkhope yake ili mbee, maluwa oyera aja akuuluka, tonse tinaganiza kuti remake yafika, kenako tikumva kuti ndi makina a juga a ku Japan. Vidiyo imene ija pa YouTube inalandira ma dislike osawerengeka. Ndiye 2018 akutipatsa Metal Gear Survive, zilombo zokhala ndi miyala m'mutu, iwe ukuzibaya ndi mkondo kuseri kwa mpanda wa waya, ndipo ukafuna save slot yachiwiri ulipire pafupifupi madola 10. Save slot abale! Kampani yomwe 1998 inapanga Psycho Mantis, mdani wa mu Metal Gear Solid amene ankawerenga memory card yako nkukuuza kuti ndaona umakonda Castlevania, amene kuti umugonjetse umayenera kuzula controller nkuilowetsa ku port yachiwiri. Frequency ya Meryl, 140.15, inali kuseri kwa bokosi la CD, gemu imakuuza kuti yang'ana pa bokosi ndipo iwe umazungulira mu gemu kufunafuna bokosi osadziwa kuti akunena lomwe lili pa tebulo pako. Mu MGS3 nkhalamba ija The End ukasunga gemu nkudikira sabata yopitirira umakaipeza itafa ndi ukalamba. Anthu amene ankaganiza zinthu zoterezi ankakonda wosewera, ankafuna kumudabwitsa. Amene anaganiza zogulitsa save slot ankaona chikwama chokha.

Mphatso.B:
Ndawerenga zonse, ndiloleni ndiponyepo yanga. Ine ndimaona kuti timalakwitsa kukonda chizindikiro. Konami sinapangepo gemu, anthu ndi amene ankapanga, ndipo anthuwo anachoka m'modzim'modzi ife tisakuona. Keiichiro Toyama anachoka atangomaliza Silent Hill yoyamba ya 1999. Team Silent, gulu lomwe linkapanga Silent Hill, inabalalika itatha Silent Hill 4 ya 2004, zotsatira zinaperekedwa ku ma studio a kunja. Akira Yamaoka wa nyimbo zija anachoka 2009. Koji Igarashi wa Castlevania: Symphony of the Night anachoka 2014, chaka chotsatira anapempha ndalama pa Kickstarter, tsamba losonkherapo ndalama, kuti apange Bloodstained ndipo anthu anasonkha madola opitirira 5 miliyoni, pamene ankauzidwa kuti magemu otere alibenso msika. Yoshitaka Murayama wa Suikoden naye anachita chimodzimodzi 2020 ndi Eiyuden Chronicle, mwatsoka anamwalira February 2024 kutatsala miyezi iwiri kuti gemu ituluke, zimene zija zinandipweteka kwambiri. Kojima anatsegula yake December 2015, Death Stranding 2019. Ndiye nyumba ikadalipo, dzina pa geti ndi lomwe lija, koma okhalamo ndi ena. Ukagogoda kufunsa anzako akale akuyang'ana modabwa.

MkuluWaContra:
Mwana wanga wayankhula ngati wamkulu. Contra: Rogue Corps ya 2019 ndinaiona, mfuti ikutentha uyenera kudikira kuti izizire. Mu Contra! Gemu yomwe moyo wake wonse ndi kuombera osapuma. Amene anavomereza zimenezo sanakhalepo pansi ndi mnzake kumenyana ndi level ya mathithi ija.

Castolo99:
Ndibwerere ku mpira chifukwa bala langa lili kumeneko. PES sinafe tsiku limodzi. Itafika PS3 inapunthwa, PES 2008 pa intaneti inkadumphadumpha, FIFA inapezerapo mpata nkudutsa, kuyambira FIFA 09 anzanga ambiri anasamuka. Ife ena tinakakamira. PES 2014 anasamukira ku Fox Engine inatuluka yosapsa, komabe 2016 ndi 2017 zinabwerera m'chimake, tinayambanso kuyenda mutu uli mmwamba. Champions League anaitaya 2018 inapita kwa EA, tinapirira. Anatenga Juventus yokha mpaka FIFA 20 inkalemba Piemonte Calcio, tinasangalala kuti nawonso alaweko mayina abodza. Ndiye 2020 anatiuza kuti chaka chino tingokupatsani Season Update ya PES 2021 pa mtengo wotsika chifukwa tikukonza chinthu chachikulu cha makina atsopano. Tinavomera ndi mtima umodzi, tinati tengani nthawi yanu.

Pa 30 September 2021 chinthu chachikulu chija chinafika. Dzina la PES lachotsedwa, Fox Engine yatayidwa alowa Unreal, matimu 9 okha osewera nawo, Master League kulibe, Become a Legend kulibe. Nkhope ya Messi, munthu amene ali kazembe wa gemu yawo yomwe, inazungulira intaneti yonse anthu akuseka, osewera akuthamanga manja ali kumbuyo, ma referee akugona pansi, anthu a m'ma stand ngati zidole zosungunuka. Pa Steam inakhala gemu yonyozedwa kuposa ina iliyonse nthawi imeneyo. Konami inapepesa, update yaikulu yomwe inayenera kubwera November inasunthidwa mpaka April 2022, paketi yomwe anali atayamba kale kugulitsa anaithetsa nkubweza ndalama. Master League analonjeza kuti ibwera yogula padera, 2023 inadutsa osaiona. Zaka zoposa 25 za Winning Eleven kuyambira 1995, ntchito ya Seabass Takatsuka ndi anzake, kuthera pamenepo. Ndinakhala chete sabata yathunthu osatsegula gulu lililonse la mpira chifukwa anzanga a FIFA ndinalibe chowayankha.

Limbani_FC:
Koma akulu panopa anaikonza, si ija ya 2021. Kaseweredwe ndi kabwino kuposa FC ya EA, yomwe kale inali FIFA, olo anthu a FC ena amavomereza.

Castolo99:
Ndikuvomera mphwanga, pa bwalo pali bwino tsopano, nthawi zina pasi ina imandikumbutsa kale. Nchifukwa chake zimawawa kwambiri. Luso likadalipo mkati muja, wina wake kumeneko akudziwabe mpira. Koma andimangira bwalo lokongola nkundiuza kuti ndingasewerepo pokhapokha ndili pa intaneti, ndi timu ya makhadi, kulimbana ndi munthu amene wagula Ronaldinho wapadera sabata ino ndipo sabata yamawa kutuluka wina woposa ameneyo. Ine ndikufuna ndikhale ndekha usiku, nditenge timu yonyozeka, ndilere mnyamata wa zaka 17 mpaka akhale kaputeni. Zimenezo sizibweretsa ndalama mwezi ndi mwezi ndiye sakuzifuna. Taonani anthu a pa PC mpaka lero akukonzabe PES 2021, ma patch a season yatsopano chaka chilichonse, mwaulere, chifukwa cha chikondi basi. Eni ake anaitaya, alendo ndi amene akuisamala.

Tiyamike_M:
Pa Silent Hill ndiyenera kunena chilungamo, ndisangodandaula. Atalengeza kuti Bloober Team ya ku Poland ipanganso Silent Hill 2 ndinakana kwatu, ndinali ndi chifukwa, HD Collection ya 2012 inandiphunzitsa. Anaipanga ndi code yosamalizidwa chifukwa yomaliza sanaisunge, chifunga chinachepa mpaka umaona pomwe dziko lathera, pomwe chifunga ndiye mtima wa tauni imene ija, pa PS1 anachiika kuti abise kufooka kwa makina ndipo chinasanduka chinthu choopsa kwambiri mu gemu yonse. Ndiye kunabwera Ascension 2023, yomwe sindifuna nkomwe kuikamba. Koma remake itatuluka October 2024 ndinasewera ndipo ndinalira pa kalata ya Mary ngati mmene ndinalirira koyamba. Yamaoka anabweranso pa nyimbo, Masahiro Ito pa zilombo. Inagulitsa miliyoni imodzi m'masiku ochepa. Silent Hill f ya 2025 ndi nkhani yatsopano, ku Japan ya zaka za m'ma 1960, ndipo analimba mtima kuyesa zina. Ndiye pena ndimati mwina akudzuka.

SnakeWathu:
Kudzuka kapena azindikira kuti m'nkhokwe yakale mukadali chimanga? Metal Gear Solid Delta ya August 2025 ndi yokongola, sindinama, koma ndi MGS3 ya 2004 yomwe ija, mawu omwe aja, kamera ndi zovala zatsopano. Master Collection, ma collection a Castlevania, Suikoden I ndi II HD, zonsezi ndi ntchito ya anthu amene anachoka. Akamaliza kugulitsanso zakale adzapanga chani? Ndi ndani mkati muja amene angalembe Metal Gear yatsopano?

Mphatso.B:
Funso limenelo ndi lomwe limandisowetsa tulo inenso. Komabe ndikuona kusiyana ndi 2016. Nthawi ija mayina awa ankangowaika pa makina a juga, pano akufunafuna ma studio omwe amawakonda nkuwapatsa. Si Konami yakale yomwe inkaphika yokha, ndi mwini nyumba wobwereketsa zipinda, koma bola alendo ake akhale abwino. Bloober apatsidwanso Silent Hill yoyamba. Ndidikira ndione.

Kondwa_K:
Ndipo chomwe chawabweza si chisoni, ndi manambala omwe aja. Anaona Capcom mmene yadyera ndi ma remake a Resident Evil kuyambira 2019. Tikagula zabwinozi apitiriza, zikapanda kugulidwa abwerera ku makhadi osatsanzika.

MkuluWaContra:
Ine msinkhu wanga sindidikiranso malonjezo a kampani. Ndinagula Contra Anniversary Collection, mdzukulu wanga akabwera timakhala pansi awiri, ndinamuphunzitsa code ija ndipo anaigwira ulendo umodzi. Amafa msanga nkuyamba kuba miyoyo yanga ngati mmene mng'ono wanga ankachitira. Koma P.T. ija, mwana wanga Tiyamike, imene ija sindidzawakhululukira olo ine sindinaisewere, chifukwa mdzukulu wangayu sadzaipeza paliponse.

Limbani_FC:
Akulu a Castolo ndiye Master League yo imayamba bwanji, umasankha timu iliyonse? Mwanditengetsa chidwi ndi nkhani ya Minanda.

Castolo99:
Umasankha timu iliyonse koma usankhe kuyamba ndi osewera a default, osati enieni, apo ayi wataya kukoma konse. Division 2, ndalama zochepa, season yoyamba usayembekeze chikho, ungoteteza bwino ndi kuponyera Castolo mipira yaitali, ma free kick apatse Jaric. Burchet amathamanga koma mpira umamuthawa, muike kumapeto otchinga kumbuyo atatopa. Ukapeza PES 5 kapena 6 yesa ma season awiri kenako ubwere undiuze ngati ndi ubwana wanga chabe.

Funso lina kwa odziwa, pali njira yokopera save ya pa memory card ya PS2 kupita pa kompyuta? Khadi langa latha zaka pafupifupi 20 ndipo dzulo linakana kuwerenga kawiri lisanavomere, ndikuopa tsiku lina lidzangoti zii ndi timu yanga yonse mkati.